Khoma la Anthu Ogwirana Chanza

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi chitini. Chinali chitini cha mafuta ophikira chodulidwa pakati, chakuda kunsi chifukwa cha utsi, ndipo m'mphepete mwake amayi anachita kupinda ndi mwala kuti chisatidule zala. Mmenemo ankaphikiramo phala la ufa wa chinangwa, osati lakumwa, koma lomatira mapepala pakhoma. Likamazizira linkanyunduka ngati therere, ndipo fungo lake linali lowawasa pang'ono. Ntchito yanga inali kugwira chitinicho ndi manja awiri, amayi n'kumaviika chitsononkho ndi kupaka kuseri kwa pepala.

Inali nyengo yachisanu, titakolola kale. Kwathu, kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, chisanu sichinyengerera munthu. M'mawa nkhungu inkatsika mpaka kubisa nkhokwe ya pakhomo, ndipo mapazi athu ankang'aluka mpaka kutuluka magazi. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Anthu ena anali atayamba kale kupita kumsika wa boma kukagula chimanga chachikasu chochokera kunja. Mchere unkakwera mtengo, palafini ankasowa. Koma pakhomo pathu panali chimwemwe. Akulu anga anali atapeza mwamuna wa ku Malomo, ndipo akuchimuna anatumiza mawu kuti abwera kudzakambirana za chinkhoswe. Amayi sanafune kuti alendo adzaone khoma lathu long'aluka, lopanda njereza.

Nyuzipepala anatipatsa ndi aphunzitsi a pasukulu yathu. Anali nazo zakalekale, mtolo waukulu womanga ndi luzi, ndipo amayi anawathokoza ndi lichero la mtedza. Asanatipatse, aphunzitsi anakhala pakhonde lawo n'kuyamba kuvundukula tsamba lililonse. Paliponse pamene panali nkhope ya mtsogoleri wa dziko ankachotsa n'kuika pambali. Ndikukumbukira mawu awo: "Nkhope iyi simatidwa pakhoma la utsi, mayi. Mphemvu ikadzadya diso limodzi, mudzayankha ndinu." Amayi anavomera ndi mutu. Tinabwerera kunyumba tikuganiza kuti choopsa chonse chatsala pakhonde la aphunzitsi.

Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho ankasankha ndi maso. Masamba odzaza timalemba tokhatokha ankati ndi nyerere, ndipo ankawamata kumwamba kufupi ndi denga kapena kuseri kwa chitseko. A mpira ankati ndi achibwana. Amene anawakonda anali a azibambo ovala masuti akugwirana chanza. Zithunzi zotere zinalipo zambiri. Kawirikawiri mmodzi ankakhala munthu wathu, winayo mzungu kapena mlendo wa dziko lina, pakati pawo pali tebulo ndi mapepala, onse mano ali mbee. "Awa ndiye oyenera chinkhoswe," anatero amayi. "Taona mmene akugwirizanira." Ndiye anawasonkhanitsa onse n'kuwamata khoma limodzi, loyang'anizana ndi khomo, kuti mlendo akangolowa aone mtendere.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kulumikiza malemba. Zachingerezi sindinkazimva, koma pansi pa zithunzi zina panali mawu a Chichewa, ndipo ndinaona kuti liwu limodzi linkabwerabwera: ngongole. Liwulo ndinkalidziwa, chifukwa m'mudzi mwathu linkanenedwa motsitsa mawu. Koma azibambo aja ankaseka, ndiye ndinaganiza kuti ngongole ya anthu a masuti ndi yokoma. Sindinanene kanthu. Ndinali mwana wamanyazi, ndipo mpaka lero, ngakhale ndili ndi mwana kumsana, pagulu mawu amandithawa.

Panopa ndimaona chimene chinachitika pakhoma lija. Nyuzipepala sizinkabisa kuti boma lakongola. Zinkanena poyera, koma zinkanena ngati nkhani ya chikondwerero. Zinkati dziko lathu lalandira ngongole ya chakutichakuti, ndipo izi zikusonyeza kuti mayiko akunja amatikhulupirira. Ngongole iliyonse inkabwera tsiku lake, yokhayokha, ngati kuti ndi yoyamba. Sizinkanena kuti iyi yasanjikizana ndi ija ya mwezi watha. Munthu ankawerenga lero, mawa pepalalo n'kukulungira usipa kapena kupichirira fodya, nkhaniyo n'kuiwalika. Amayi anga, osadziwa ngakhale lemba limodzi, anachita chimene olemba nyuzi sankachita. Anaziika zonse pamodzi, ina pambali pa inzake.

Mwini mbumba wathu anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Bambo ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Ngakhale akanakhalapo, anali mkamwini, ndipo za ukwati wa akulu anga woyankhula anali amalume. Amalumewo anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi jekete yakuda, nsapato zomwe ankazipukuta tsiku lililonse, ndi magalasi a mwendo umodzi womangirira ndi ulusi. Lamulungu ankawerenga Mawu m'tchalitchi. Amayi ambiri a m'mudzi akalandira uthenga wochokera kwa amuna awo ankabwera kwa iwo kuti awawerengere. Ndi amalume amene anandiphunzitsa malemba oyamba, akulemba pansi ndi kamtengo. Anali munthu wanthabwala. Pamaliro pomwe ankatha kuseketsa anthu okumba manda. Mowa sankamwa, ndipo izi ndimazinena chifukwa pambuyo pake anthu ena ankati mwina anali ataledzera. Ayi, tsiku limenelo anangomwa thobwa.

Tsiku la alendo amayi anazira pansi, nabwereka mipando kwa anansi. Anabwera amalume ake a mwamunayo ndi abale awo. Analowanso azibambo ena a m'mudzi mwathu kudzathandiza kulandira alendo, monga zimakhalira. Ine ndinabweretsa madzi osamba m'manja, kenako ndinagwada pafupi ndi khomo kudikira makapu. Nkhani ya chinkhoswe inayenda bwino, anagwirizana zonse. Atatha, mkulu wa alendowo anatembenuka n'kuyang'ana khoma.

"Koma nyumbayi ndiye mwaikongoletsa ngati ofesi ya kuboma," anatero. "Anthu onsewa akugwirana chanza, agwirizana chiyani? Tatiwerengereni, inu a magalasi."

Amalume anaimirira, napukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. Anayamba kumanzere. Chithunzi choyamba anati ndi ngongole yomangira msewu. Anthu anati eya, chitukuko. Chachiwiri ngongole yomangira nkhokwe zikuluzikulu za chimanga. Chachitatu ngongole ya bwalo la ndege. Ankayenda cham'mbali ngati nkhanu, chala chili pakhoma, ndipo zachingerezi ankazitembenuza yekha. Ya magetsi. Ya feteleza. Ya msewu winanso. Anthu analeka kunena eya. Wina anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Kwathu kuno munthu akakongola mchere amadzera kuseri kwa khola kuti asaonedwe," anatero amalume. "Awa akakongola amaitana wojambula."

Nyumba yonse inaseka. Amayi, amene anali atagwada panja pa khomo, anasekanso atatseka pakamwa ndi chitenje. Akanalekera pomwepo, mwina lero ndikanangokumbukira kuti tinali ndi khoma lokongola. Koma munthu wanthabwala akaona kuti anthu aseka, amafuna kuwonjezera. Amalume anayamba kufunafuna pakhoma, kuwerama mpaka pansi, kusuzumira kuseri kwa chitseko.

"Mlongo, chithunzi cha tsiku lobweza unachimata kuti?"

"Ine ndamata zomwe ndinapatsidwa, alongo," anayankha amayi, ndipo anthu anasekanso.

Kwathu kuli mwambo pamaliro. Anthu asanabalalike, wamkulu amaimirira n'kufunsa kuti ngati alipo amene malemu anamukongola, anene pomwepo anthu onse akumva. Akanena, mwini mbumba amaimirira n'kuvomera kuti katunduyo wasenza ndi iye pamodzi ndi mbumba yake. Amatero kuti wakufa apite wopepuka. Amalume anali ataimirirapo chotere kangapo, ndipo kwa iwo ngongole inali chinthu chimene mapeto ake chimafuna munthu woimirira. Ndikhulupirira kuti zimene ananena kenako sanazinene ngati nthabwala. Nkhope yawo inali itasintha. Anavula magalasi.

"Tsono tsiku la maliro, akadzafunsa za ngongole za malemu, adzaimirire ndani? Si mbumba yomweyi?"

Ndipo analoza ine ndi magalasi aja.

Palibe amene anafunsa kuti maliro a yani. Masiku amenewo mtsogoleri tinkamuimba kuti ndi wamuyaya, ndipo sankafa ngakhale m'kamwa mwa munthu. Ndinkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa khoma. Bambo wina anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono ngati ndi dzira. Kenako mkulu wa alendo anati dzuwa lapita, njira ya ku Malomo ndi yaitali. Dzuwa linali pamutu.

Amene anakanena kwa a chipani sindimudziwa mpaka lero. Mwina anali mlendo, mwina mnansi amene tinkapalana naye moto. Mwinanso sananene chifukwa cha nkhanza. Masiku amenewo kumva mawu otere n'kukhala chete unalinso mlandu, ndiye aliyense amene anali m'nyumba muja anatuluka atasenza kanthu kotentha kofuna kutula.

M'mawa mwake aphunzitsi anabwera nkhungu isanachoke. Sanalowe. Anaima pafupi ndi nkhokwe, manja ali m'thumba, n'kuuza amayi kuti: "Mapepala aja simunawatenge kwa ine. Munatola kumsika." Kuyambira tsiku limenelo m'kalasi analeka kunditchula. Ndikakweza mkono ankayang'ana pawindo. Kale ndinkawakwiyira. Tsopano ndili ndi mwana wanga, ndipo ndimadziwa kuti iwonso anali ndi ana.

Tonse tinkadziwa chimene chimachitikira munthu wa pakamwa. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina amene galimoto ya boma yotseka kumbuyo inadzamutenga chaka china ali kudimba. Khasu lake linatsala chiimire pamzere. Sanabwerenso, ndipo akazi ake ankatunga madzi okha pachitsime, chifukwa amayi ena akawaona ankakumbukira kuti asiya mphika pamoto. Ichi ndi chimene chinali kutiyembekezera: kuti amalume atengedwa, ndipo ife titsala anthu osapatsidwa moni. Akuchimuna anatumiza kale mawu kuti za chinkhoswe tiyambe tadikira.

Amayi anafuna kuchotsa mapepala aja pakhoma, koma anasowa pogwira. Kung'amba nkhope za nduna za boma ukanakhala mlandu wina. Kutentha, utsi ukanaoneka. Ndiye anaganiza zozira. Tinapita kudambo kukakumba dothi lotuwa, madzi ake ozizira mpaka zala kuuma, ndipo amayi anapaka khoma lonse ndi manja. Tsiku loyamba zinaoneka ngati zatheka. Koma dothi siligwira papepala. Litayamba kuuma linang'aluka n'kumagwa zibenthuzibenthu. Apa panatuluka dzanja, apo mano, apo tayi. Azibambo aja ankatisuzumira m'ming'alu, akusekabe. Amayi anakhala pansi pakati pa nyumba, dothi lili m'mikono mpaka m'zigongono.

Amalume poyamba ankalimba mtima. Ankati, "Ine ndangowerenga zimene alemba okha. Kodi anazilembera mbuzi?" Koma masiku atapita analeka kudya bwino. Anayamba kuvala malaya awiri, jekete pamwamba, ndi nsapato kuyambira m'mawa, ngakhale popita kukhola. Ndinafunsa akulu anga chifukwa chake, ndipo anandiuza monong'ona kuti munthu akatengedwa amapita ndi zimene wavala. Ankakhala pakhonde atayang'ana kumsewu. Thirakitala ikalira kutali, ankaimirira.

Kenako anabwera anyamata a chipani. Analowa m'nyumba osaodira, nayang'ana khoma lija nthawi yaitali. Mmodzi anakanda dothi ndi chikhadabo. Potuluka anati apampando a chipani a m'dera lathu akufuna amalume mawa pabwalo, ndipo zikatha pamenepo uthenga upita kuboma.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinaona amayi ndi amalume kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinali patali, ndikutola nkhuni. Amalume ankapukusa mutu. Amayi anagwada n'kuwagwira mwendo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu aliyense. Mphepo inandibweretsera mawu ochepa okha. Amayi ankati, "Bola mukhale wamoyo, tizikuonani." Amalume anayankha kuti, "Wamoyo wotani?" Pamenepo amayi anandiona n'kundithamangitsa.

Pabwalo panadzaza anthu, koma anakhala patalipatali ndi ife, moti mozungulira mphasa yathu panatsala dothi lokhalokha. Apampando anali mlimi ngati wina aliyense. Ankalima tomato kudimba, ndipo anadyapo m'nyumba mwathu. Tsiku limenelo anavala baji pachifuwa, ndipo maso awo sankakhazikika. Anafunsa ngati ndi zoona kuti amalume anatchula maliro pamaso pa zithunzi za boma. Amalume asanatsegule pakamwa, amayi anayenda chogwada mpaka kutsogolo.

Amayi anga sankayankhula pabwalo. Manyazi angawa ndinatengera iwo. Koma tsiku limenelo mawu awo anamveka mpaka kumapeto. Anati alongo awo mutu unasokonekera kumigodi. Anati mwala unawagwera pansi pa nthaka, ndipo kuyambira pamenepo zimawabwerera nthawi ndi nthawi, makamaka kukazizira. Anati pakhomo takhala tikubisa chifukwa cha manyazi, poopa kuti ana aakazi sadzakwatiwa. "Zimene amayankhula zikawagwira, ngakhale iwo eni sazidziwa, bambo. Mutikhululukire ife amene tinabisa matenda."

Ine ndinadabwa, chifukwa za mwalawo ndinali ndisanamvepo. Koma amayi sankanama, ndiye ndinakhulupirira.

Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti apampando nawonso ankafuna khomo lotulukira. Kutumiza munthu amene unakula naye sichinthu chopepuka, koma kumusiya popanda chifukwa kukanawatengetsa iwowo. Anatembenukira kwa anyamata aja, kenako kwa anthu.

"Ngati ndi wodwala, nanga amawerenga bwanji Mawu m'tchalitchi? Amaweruza bwanji nkhani za mbumba? Wamisala sakhala nkhoswe. Wamisala sayankhula pabwalo. Tisankhe chimodzi, mayi. Ndi wodwala, kapena ndi wolongosoka amene amadziwa zimene ananena?"

Maso onse anapita kwa amalume. Anali chikhalire pamphasa, msana uli chilili, nsapato zikuwala. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Anayang'ana amayi, anayang'ana akulu anga, anayang'ananso ine. Kenako anawerama n'kumasula zingwe za nsapato. Anazivula, nazimangirira pamodzi, n'kuzikoleka m'khosi. Anavula jekete n'kuivala chotembenuza. Pafupi ndi bwalo panali mbuzi ya apampando yomangirira pachitsa. Amalume anapita pomwepo, nagwada, naomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Kunyumba ali bwanji ana? Pepani sitinakuoneni msanga."

Mbuzi inawayang'ana ikutafuna. Mnyamata mmodzi wa chipani anaphulika kuseka, anthu onse n'kutsatira. Kunali kuseka kwachilendo, kwaphokoso kwambiri, kwa anthu amene atula katundu. Apampando anapukuta thukuta ngakhale kunali kozizira, nati boma sililimbana ndi odwala, koma amayi awayang'anire, ndipo anyamata azidzaona mmene matendawo akuyendera. Amayi anathokoza ataweramitsa mutu mpaka pansi. Pobwerera kunyumba sanayang'ane amalume ngakhale kamodzi.

Galimoto sinabwere. Koma matenda onenedwa pabwalo sachoka msanga. Anyamata aja ankadutsa kawirikawiri poyendera makadi a chipani, ndipo ankafuna kuona wodwala wawo. Amalume analeka kumeta ndevu. Nsapato sanazivalenso. Amayi anawaperekeza ulendo wina kuchipatala ku Madisi, akuyenda pakati pa msewu kuti aliyense aone, ndipo anabwerako ndi timapiritsi m'kapepala. Lamulungu Mawu ankawerenga bambo wina amene ankapunthwa pa mayina aatali, amalume atakhala panja pansi pa windo. Amayi olandira mauthenga analeka kubwera. Ana ankawatsatira amalume akulira ngati mbuzi, ndipo iwo ankawavulira chipewa. Ine ndinkawaopa. Ndikawaona akubwera ndinkalowa m'nyumba. Panalibenso wondilembera malemba pansi, ndipo patsogolo pake, pamene bambo ananena kuti mwana wamkazi wawerenga zokwanira, panalibe wowatsutsa. Sukulu yanga inathera pomwepo.

Khoma lija amayi analikanda pang'onopang'ono ndi chigoba cha nkhono, tsiku lililonse kachigawo, n'kumakwirira zinyenyeswazo kudzala. Nyuzipepala zinapitiriza kutuluka monga kale. Nthawi zina bambo a mwana wangayu akabweretsa kanthu kokulunga m'pepala, ndimalitambasula n'kuwerenga pang'onopang'ono. Ndimapeza azibambo ena, masuti ena, koma chanza chomwecho. Feteleza chaka chilichonse amakwera, ndipo pepala limene limanena za feteleza silitchula za chanza. Ine sindine wophunzira, sindinganene kuti izi zimalumikizana bwanji. Ndimangopinda pepalalo n'kuliika pamoto.

Chinkhoswe chinachitika chisanu chitatha, mitengo ya m'phiri itayamba kuphuka masamba ofiira. Akuchimuna anayamba afunsa ngati matendawo ndi a m'magazi, ndipo amayi anabwerezanso nkhani ya mwala wa kumigodi mpaka anakhutira. M'malo mwa amalume anaitana wachibale wina wa ku Nachisaka, munthu amene tinali tisanamuonepo, amene anachita kufunsa kuti mkwatibwi ndi uti. Ndi iye amene anakhala pampando wa nkhoswe, nalandira nkhuku ya akuchimuna.

Amalume anakhala kutali, kuseri kwa chigafa, pamene sakanasokoneza mwambo. Chakudya chitapsa amayi anandituma kuti ndikawapatse. Ndinaganiza zoika mbale pansi n'kuthawa. Ndinawapeza atakhala pachipika, atatchera khutu kumene kunkachokera nthungululu. Nditagwada, anandiyang'ana, ndipo maso awo anali omwe aja akale.

"Khala pansi, mphwanga," anatero ndi mawu awo enieni, otsika, osaphotchoka. "Nkhuku walandira ndani?"

Ndinawauza kuti ndi bambo a ku Nachisaka.

"Anawauza akuchimuna kuti mwana wathu sitimenya? Kuti zikavuta abwere naye kuno ali wathunthu?"

Ndinati sindinamve zimenezo. Anangoti mawu aja anawakonzekera kalekale, akulu anga ali kamwana. Anafunsa ngati mkwatibwi akuoneka wokondwa, ngati amayi adya, ngati ndikuwerengabe. Anandichotsa kachitsotso m'tsitsi. Mantha anga onse anatha, ndipo ndinafuna kuwauza zambiri zimene ndinasunga miyezi yonseyo.

Pamenepo panjira ya kuseri panadutsa anyamata a chipani, akupita kukadya nawo zachinkhoswe. Amalume anawaona ine ndisanawaone. Nkhope yawo inagwa ngati nsalu yonyowa. Anatenga chiwalo cha nkhuku m'mbale, nachiika kukhutu, n'kuyamba kuchifunsa za mvula ya chaka chamawa. Anyamata aja anaseka, mmodzi nati, "Madala, mutipatsireko moni kwa abwana mbuzi," n'kupitirira.

Ndinathamanga mpaka kumene amayi ankapakula pakati pa amayi anzawo. Ndinali ndi nkhani yabwino, ndipo kamodzi kokha pa moyo wanga manyazi anandichoka. Ndinafuula kuti, "Amayi, amalume achira! Ayankhula nane bwinobwino! Angodwalanso pamene amadutsa anyamata aja!"

Amayi anataya chipande. Ananditseka pakamwa ndi dzanja lotentha, lonunkha utsi, mwamphamvu mpaka dzino linandicheka mlomo. Anaseka mokweza kuti amayi anzawo amve, nati ana amalota masana. Kenako anandikokera kuseri kwa nkhokwe, nagwada kuti maso athu alingane.

"Sanachire. Wamva? Aliyense akakufunsa, sanachire."

Ndinavomera ndi mutu, magazi ndikuwamva kukoma mchere m'kamwa. Kubwalo nthungululu zinkapitirira. Ndinaima pamenepo ndikulira mwakachetechete, osati chifukwa cha mlomo. Amayi anga ankapempherera wodwala aliyense m'mudzi, ngakhale amene sankatipatsa moni. Sindinkamvetsa kuti zingatheke bwanji kuti mayi yemweyo achite mantha chotere pomva kuti mlongo wake wachira.